Kuchira Chifuwa Sikuchira Konse: COVID-19 ndi Kutupa kwa Impso ndi Mitsempha ya Magazi

Pa 5 Meyi 2023, bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO linalengeza kuti COVID-19 yachoka m'gulu la ngozi zadzidzidzi zoopseza dziko lonse lapansi. Anthu ambiri anamva uthengawo ngati wonena kuti matendawa atheratu. Koma chilengezocho sichinatero. Kachirombo ka corona kakadali pakati pathu, ndipo tsopano kakuyendera limodzi ndi tizirombo tina toyambitsa chimfine ndi chifuwa, makamaka m'nyengo yozizira.

Kuchokera pa 2 Epulo 2020, pomwe anthu oyamba anapezeka ndi kachiromboka m'dziko muno, maso a Amalawi anali pa mapapo. Tinkakamba za kubanika, za mpweya wa okosijeni ndi za kuchepa kwa mabedi m'zipatala, makamaka m'mwezi wa Januwale 2021 pomwe mliriwu unafika pachimake. Izi zinali zoyenera, pakuti kubanika ndiko kunkapha anthu msanga. Komabe pali mbali ina ya matendawa yomwe siinakambidwe mokwanira, ndipo ndi yomwe ikhoza kukhalitsa pakati pathu: kuonongeka kwa impso ndi kutupa kwa mitsempha ya magazi. Unduna wa Zaumoyo waona kuti nkofunika kufotokozera anthu za mbali imeneyi, chifukwa vuto la impso limapezeka mosavuta ndi motsika mtengo likangoyamba, koma likakula limafuna thandizo lomwe ndi lodula ndiponso lopezeka m'malo ochepa.

Mmene matenda a m'mapapo amafikira ku impso

Impso ndi ziwalo ziwiri zokhala kumsana, m'munsi mwa nthiti, ndipo iliyonse kukula kwake ndi ngati chibakera cha mwini wake. Mu impso imodzi muli tisefa ting'onoting'ono tokwana pafupifupi miliyoni imodzi, ndipo kasefa kalikonse ndi kampukutu ka mitsempha yaing'ono kwambiri ya magazi. Pa tsiku, impso za munthu wamkulu zimasefa madzi a m'magazi okwana malita pafupifupi 180, nkubwezera ambiri m'thupi, ndi kutulutsa lita imodzi kapena awiri ngati mkodzo. Gawo limodzi mwa magawo asanu a magazi omwe mtima umapopa limadutsa mu impso. Choncho chilichonse chovulaza mitsempha ya magazi chimavulazanso impso, pakuti impso ndi mitsempha yokhayokha.

Kachirombo ka corona kamalowa m'maselo a thupi kudzera pa puloteni yotchedwa ACE2, yomwe ili ngati khomo. Khomo limeneli silipezeka m'mapapo mokha. Lilinso m'timachubu ta mu impso, m'matumbo ndi m'ziwalo zina. Akatswiri akutsutsanabe pa funso loti kachiromboka kamaswana mu impso mwenimwenimo kapena ayi, koma amagwirizana pa njira zinayi zomwe impso zimavulalira munthu akadwala kwambiri.

Yoyamba ndi kuchepa kwa madzi ndi magazi ofika ku impso. Wodwala wotentha thupi, wotsekula m'mimba, wosadya ndi wosamwa amauma m'thupi, ndipo impso zimalandira magazi ochepa. Mapapo akalephera kupereka okosijeni wokwanira, timachubu ta mu impso timayamba kufa. Yachiwiri ndi chitetezo cha m'thupi chikapyola muyeso: pofuna kupha kachirombo, thupi limatulutsa zinthu zotupitsa zomwe zimavulazanso ziwalo zake zomwe. Yachitatu ndi kuundana kwa magazi m'mitsempha yaing'ono, komwe kumatseka tisefa tija. Yachinayi ndi mankhwala, maka omwe munthu amadzigulira yekha, omwe amalemetsa impso zofooka kale.

Zomwe madokotala anaona m'chaka choyamba cha mliri

Umboni wa zimenezi unayamba kuoneka msanga. Mu Epulo 2020, madokotala a pa chipatala cha yunivesite mumzinda wa Zurich ku Switzerland analemba m'magazini ya zachipatala ya The Lancet kuti anapeza kutupa kwa khungu lam'kati mwa mitsempha ya magazi m'ziwalo zosiyanasiyana za odwala COVID-19. Khungu limeneli ndi losalala kwambiri, ndipo ntchito yake ndi kulola magazi kuyenda popanda kuundana. Likatupa limakhakhala, magazi nkuyamba kugwira.

Mwezi wotsatira, magazini ya New England Journal of Medicine inafalitsa kafukufuku woyerekeza mapapo a anthu omwalira ndi COVID-19 ndi a anthu omwalira ndi chimfine choopsa cha H1N1. Tizibuma ta magazi oundana m'mitsempha yaing'ono ya m'mapapo tinapezeka kochuluka kasanu ndi kanayi mwa omwalira ndi COVID-19. Apa mpomwe madokotala ambiri anayamba kuona matendawa ngati a mitsempha ya magazi, osati a mapapo okha, ndipo mankhwala oletsa magazi kuundana analowa m'ndondomeko yothandizira ogonekedwa m'chipatala.

Ku New York, ofufuza anaunika odwala 5,449 omwe anagonekedwa m'zipatala za m'derali m'masabata oyambirira a mliri. Mwa iwo, pafupifupi 37 mwa 100 alionse impso zawo zinafooka mwadzidzidzi. Mwa omwe anaikidwa pa makina othandiza kupuma, pafupifupi 90 mwa 100 alionse anali ndi vutoli. Ziwerengerozi ndi za nthawi yomwe kunalibe katemera, madokotala asanadziwenso njira zabwino zothandizira odwala, ndipo m'zaka zotsatira zinatsika. Koma zinaonetsa poyera kuti impso ndi chimodzi mwa ziwalo zomwe matendawa amakantha kwambiri.

Chodetsa nkhawa kuposa izi chinatuluka mu 2021, pomwe ofufuza a ku America anatsatira asilikali opuma pantchito oposa 89,000 omwe anachira COVID-19. Anapeza kuti m'miyezi yotsatira, mphamvu ya impso zawo inkatsika msanga kuyerekeza ndi anzawo omwe sanadwale. Chiopsezo chinali chachikulu mwa omwe anadwala kwambiri, koma chinalipo ndithu ngakhale mwa omwe sanagonekedwe m'chipatala. Tanthauzo lake nlakuti munthu akhoza kuchira chifuwa, kubwerera kumunda kapena kuntchito, impso zake zikufookerafookera iye osadziwa.

Mpofunika kunena kuti si COVID-19 yokha imachita izi. Chimfine cha H1N1 cha mu 2009 chinafooketsanso impso za odwala ambiri omwe anali m'zipinda za odwala mwakayakaya. Phunziro lomwe tatenga pa mliri wa corona likukhudza matenda onse oopsa a m'njira yopumira.

Chifukwa chomwe nkhaniyi ikutikhudza ife a mu Africa

Pali mtundu wina wa kuonongeka kwa impso womwe unapezeka makamaka mwa anthu akuda. Pa vutoli, tisefa ta mu impso timafwafwanyika, mapuloteni ambiri nkumatayikira mu mkodzo, thupi nkutupa, ndipo impso zikhoza kulephereratu m'kanthawi kochepa. Madokotala anali atalidziwa kale vutoli mwa anthu omwe ali ndi HIV koma sanayambe kumwa mankhwala. Pomwe linayamba kuoneka mwa odwala COVID-19, anapeza kuti ambiri mwa iwo anali ndi kusintha kwina m'chibadwa chawo, pa jini yotchedwa APOL1.

Mbiri ya jini imeneyi ndi ya kuno kwathu. Mu 2010, ofufuza anaonetsa kuti mitundu iwiri ya APOL1 inafala mu Africa chifukwa imathandiza thupi kulimbana ndi tizirombo toyambitsa matenda a kaodzera, omwe amafalitsidwa ndi ntchentche ya kashembe. Matenda a kaodzera tikuwadziwa m'madera oyandikana ndi nkhalango zotetezedwa, monga ku Nkhotakota ndi ku Rumphi. Chomwe chinatchinjiriza makolo ku kaodzera ndicho chimaika zidzukulu pa chiopsezo cha impso, maka munthu akatengera mtundu wotere kwa bambo ndi kwa mayi omwe. Mitunduyi ndi yofala kwambiri kumadzulo kwa Africa, koma imapezekanso m'chigawo chathu chino. Ambiri omwe ali nayo sadwala impso moyo wawo wonse. Vuto limabuka pakabwera chinthu chachiwiri chodzutsa chitetezo cha m'thupi mwamphamvu, monga HIV kapena kachirombo ka corona.

Chifukwa chachiwiri ndi matenda omwe tili nawo kale. Kafukufuku wa matenda osapatsirana yemwe anachitika m'dziko muno mu 2009 anapeza kuti pafupifupi munthu wamkulu mmodzi mwa atatu alionse anali ndi vuto la kuthamanga kwa magazi, ndipo ambiri sankadziwa. Kuthamanga kwa magazi ndi matenda a shuga ndizo zimatsogola poononga impso pa dziko lonse. Tikaonjezapo malungo, kolera ndi matenda ena otsekula m'mimba, omwenso amafooketsa impso mwadzidzidzi, tiona kuti Mmalawi wogwidwa ndi chimfine choopsa nthawi zambiri impso zake zimakhala zitasenza kale katundu wolemera.

Ana nawonso ali pa chiopsezo

Ana ambiri akatenga kachirombo ka corona sadwala kwambiri. Koma mu Epulo 2020, madokotala a ku London anachenjeza za ana omwe ankabwera kuchipatala ndi kutentha thupi kosaleka, kupweteka m'mimba, maso ofiira, milomo yong'aluka ndi zidzolo, ena mtima utafooka. Vutoli, lomwe limatchedwa MIS-C, limaoneka pakapita masabata awiri mpaka asanu ndi limodzi mwana atatenga kachiromboka, nthawi zina makolo asanadziwe nkomwe kuti mwanayo anadwalapo. Limafanana ndi matenda otupitsa mitsempha ya magazi omwe dokotala wa ku Japan, Tomisaku Kawasaki, anawafotokoza mu 1967. Ndi vuto losowa, ndipo ana ambiri amachira akathandizidwa msanga, koma kuchedwa kukhoza kuononga mtima.

Palinso kutupa kwa mitsempha yaing'ono komwe kumadziwika ndi dzina loti Henoch-Schönlein purpura, komwe kawirikawiri kumabwera mwana atangochira chimfine kapena zilonda zapakhosi. Zizindikiro zake ndi timadontho totupa pang'ono m'miyendo ndi m'matako, tomwe sitizimirira tikadinidwa ndi chala, kupweteka kwa mawondo ndi akakolo, ndi kupweteka m'mimba. Pa khungu lakuda timadonthoti timaoneka toderapo kuposa khungu lozungulira, ndipo timadziwika bwino pokhudza kusiyana ndi pongoyang'ana. Ana ambiri amachira okha, koma mwa ena kutupako kumafika ku impso patapita masabata kapena miyezi, zidzolo zitatha kale. Nchifukwa chake mwana wotere amayenera kuyezedwa mkodzo kangapo kwa miyezi ingapo ngakhale akuoneka wathanzi.

Makolo adziwenso kuti zilonda zapakhosi ndi zapakhungu zoyambitsidwa ndi mabakiteriya nazo zimatha kutupitsa impso za mwana. Kholo silingathe kusiyanitsa zoyambitsa zimenezi, ndipo silifunika kutero. Chofunika nchakuti mwana wotupa nkhope kapena wokodza mkodzo wofiirira pambuyo pa chimfine apite kuchipatala tsiku lomwelo.

Mtengo wa kuchedwa

Akuluakulu anati chitsime chimadziwika kuya chikaphwa. Impso ndi chiwalo chosadandaula. Munthu akhoza kutaya gawo lalikulu la mphamvu ya impso zake osamva kupweteka kulikonse, ndipo zizindikiro zikamaonekera poyera zinthu zimakhala zitafika patali.

Impso zikalephereratu, wodwala amadalira makina osefa magazi, omwe madokotala amawatcha dialysis. Amayenera kukhala pa makinawa maola pafupifupi anayi, kawiri kapena katatu pa sabata, moyo wake wonse pokhapokha atapatsidwa impso ina. Kwa zaka zambiri, thandizo limeneli m'zipatala za boma lakhala likudalira chipatala chachikulu cha Kamuzu ku Lilongwe ndi cha Queen Elizabeth ku Blantyre. Makina ndi ochepa poyerekeza ndi ofuna thandizo. Wodwala wochokera ku boma lakutali amakakamizika kusiya munda, ntchito ndi banja kuti akakhale pafupi ndi chipatala, ndipo womuyang'anira nayenso amasiya zake. Kuika impso ina kumafuna kutumiza wodwala kunja kwa dziko.

Tsono tiyerekeze zimenezi ndi zofunika kuti vuto lipezeke msanga. Kuyeza kuthamanga kwa magazi kumatenga mphindi zochepa. Kuyeza mkodzo ndi kapepala koviika kumaonetsa nthawi yomweyo ngati muli mapuloteni kapena magazi. Kuyeza creatinine m'magazi, komwe kumachitika m'malabotale a zipatala zazikulu ndi za m'maboma, kumasonyeza mmene impso zikusefera. Kufooka kwa impso kwadzidzidzi nthawi zambiri kumabwerera mwakale wodwala akapatsidwa madzi okwanira, akasiya mankhwala ovulaza impso, ndiponso matenda oyambitsa vutolo akachizidwa. Dziko lomwe lili ndi makina ochepa osefa magazi phindu lake lalikulu lili pa kuchepetsa chiwerengero cha ofika pa makinawo.

Za mankhwala, zitsamba ndi katemera

Munthu akamva kuphwanya m'thupi, chizolowezi cha ambiri ndi kugula mankhwala opha ululu pa golosale kapena pamsika. Mankhwala monga ibuprofen, omwe ambiri amawadziwa kuti brufen, ndi diclofenac amachepetsa magazi opita ku impso. Kwa munthu wouma m'thupi, wachikulire, kapena wodwala shuga ndi kuthamanga kwa magazi, kumwa mankhwalawa masiku angapo motsatizana kukhoza kufooketsa impso. Paracetamol, womwedwa pa mlingo woyenera, savutitsa impso chotere. Chimodzimodzinso zitsamba ndi zosakaniza zomwe mlingo wake sudziwika: zonse zomwe munthu wamwa zimathera ku chiwindi ndi ku impso. Wodwala auze dokotala kapena namwino zonse zomwe wamwa, mosabisa, pakuti cholinga cha funsolo ndi kumuthandiza.

Kumayambiriro kwa mliri kunamveka mantha akuti mankhwala ena ochepetsa kuthamanga kwa magazi, monga enalapril, amathandiza kachirombo kulowa m'thupi. Kafukufuku wotsatira sanapeze chifukwa chosiyira mankhwalawa. Omwe amamwa mankhwala a kuthamanga kwa magazi, a shuga kapena ma ARV asasiye okha. Akadwala mpaka kumasanza kapena kutsekula m'mimba, apite kuchipatala kuti dokotala aone ngati mlingo ukufunika kusintha kwa masiku ochepa.

Katemera wa COVID-19 anayamba kuperekedwa m'dziko muno mu Malichi 2021. Nzoona kuti m'maiko ena munapezeka anthu ochepa kwambiri omwe magazi awo anaundana kapena impso zawo zinatupa atalandira katemera, ndipo nkhani zotere siziyenera kubisidwa. Koma mavuto omwewa amapezeka mochuluka kwambiri mwa odwala matenda enieniwo. Popeza impso zimavulala kwambiri munthu akadwala mwakayakaya, chilichonse chochepetsa kukula kwa matendawa chimatetezanso impso.

Zizindikiro zofunika kuthamangira nazo kuchipatala

Aliyense yemwe akudwala kapena wangochira chimfine chachikulu, chibayo kapena COVID-19 apite kuchipatala mosachedwa akaona chimodzi mwa izi:

Mkodzo wachepa kwambiri kapena wasiyiratu kutuluka.

Mkodzo ukuoneka wofiira kapena woderapo ngati tiyi wopanda mkaka, kapena ukuchita thovu losatha msanga.

Nkhope yatupa, maka m'zikope m'mamawa, kapena mapazi ndi miyendo yatupa.

Mwendo umodzi watupa ndipo ukupweteka, kapena munthu wayamba kubanika mwadzidzidzi ndi kumva kupweteka pachifuwa.

Mutu ukupweteka kwambiri, maso akuona mwachimbuuzi, kapena mbali imodzi ya thupi yafooka.

Pakhungu patuluka timadontho tosazimirira tikadinidwa.

Mwana watentha thupi masiku atatu kapena kuposerapo, ali ndi maso ofiira, zidzolo kapena kupweteka m'mimba.

Zomwe aliyense angachite

Unduna ukupempha onse omwe anagonekedwapo m'chipatala chifukwa cha COVID-19 kapena chibayo choopsa, makamaka omwe anapatsidwa okosijeni, kuti akayezetse kuthamanga kwa magazi ndi mkodzo ngakhale akudzimva kuti ali bwino. Pempho lomweli likupita kwa odwala shuga, odwala kuthamanga kwa magazi, omwe ali pa ma ARV, amayi oyembekezera, achikulire, ndi onse omwe m'banja mwawo muli wodwala impso. Popita kuchipatala tengani buku lanu la kuchipatala ndipo muuze dokotala za matenda omwe munadwala, ngakhale papita miyezi.

Posamalira wodwala chimfine pakhomo, onetsetsani kuti akumwa madzi aukhondo pafupipafupi, ndipo ngati akutsekula m'mimba mupatseni thanzi ORS. Muzimufunsa ngati akukodza monga mwa nthawi zonse. Funso limeneli ena amaliona ngati lochititsa manyazi, maka pofunsa kholo kapena apongozi, koma yankho lake likhoza kupulumutsa moyo. Omwe anauzidwa kale ndi dokotala kuti achepetse madzi chifukwa cha vuto la mtima kapena la impso atsatire malangizo omwe anapatsidwa. Kuchepetsa mchere m'ndiwo, kusiya fodya ndi kuchepetsa mowa kumathandiza mitsempha ya magazi ndi impso zomwe.

Kwa ogwira ntchito zaumoyo, wodwala wobwera ndi chifuwa chachikulu afunsidwe za mkodzo, ayezedwe kuthamanga kwa magazi, ndipo potuluka m'chipatala auzidwe tsiku lobweranso. Alangizi a zaumoyo m'midzi, mafumu, atsogoleri a mipingo ndi mizikiti komanso aphunzitsi athandize kufalitsa uthengawu m'misonkhano yawo, pakuti ambiri omwe ali pa chiopsezo sawerenga tsamba lino.

Mliri wa COVID-19 unatiphunzitsa kusamba m'manja, kuvala zotchinga pakamwa ndi pamphuno, ndi kuthamangira kuchipatala munthu akabanika. Phunziro lotsala ndi la kubwereranso kuchipatala chifuwa chitatha. Ofuna kudziwa zambiri afunse pa chipatala chomwe ali nacho pafupi, kapena aimbe foni ku Chipatala cha pa Foni.

Ofesi ya Mneneri
Unduna wa Zaumoyo